Breka yomwe amalume anakana kuika

## Sabata ya sinowo

Ambiri amene anali ku Joni pa 10 July 2023 ali ndi kavidiyo ka sinowo m'foni mwawo. Ine ndilibe. M'mawa umenewo, anzathu akujambulana m'misewu, ife tinali kuseri kwa nyumba ina ku Rosettenville, mabulangete kumutu, tikulozana zala pa nkhani ya magetsi.

Pabwalo pathu pali nyumba yaikulu ya amayi a landilodi kutsogolo, ndiye kuseri kuli zipinda zinayi zondondozana, za malata opanda siling'i. Choyamba ndi changa. M'chachiwiri munkakhala banja la ku Ntcheu lomwe linali ndi khanda la miyezi yowerengeka. M'chachitatu anyamata awiri a ku Tete ogwira ntchito ya zomangamanga, omwe Chinyanja chawo ndi Chichewa chathu zimamvana popanda wotanthauzira. M'chomalizira munali mnyamata wa ku Machinga wongofika kumene. Katundu wake yense anali chikwama, matiresi obwereka ndi foni yong'aluka galasi. Chipinda chake chinali ndi babu lokha, ndiye foniyo ankatchajira pa soketi ya pakhonde, aliyense akuona.

Magetsi a zipinda zonse zinayi ankachokera pa breka imodzi, kaswitchi kodzizimitsa kokha magetsi odutsa akapitirira muyezo wake. Yathuyi inali ya ma amp 20 (ma amp amayeza kuchuluka kwa magetsi odutsa mu waya), m'bokosi la kukhitchini kwa a landilodi. Ikagwa, wina amayenera kukagogoda. Kugogoda pakhomo pa mwini nyumba 5 koloko m'mawa, lendi ya mwezi watha usanamalize, si ntchito yomwe anthu amalimbirana.

Sabata imeneyo brekayo inkagwa m'mawa ndi madzulo. Chaka chimenecho load shedding inali itatikwana kale, ndiye timaola tomwe magetsi abwera, nayonso breka n'kumatilanda. Munthu akazizidwa amafuna wolakwa, ndipo wolakwa anapezeka msanga. Kangapo konse anthu anamuona mnyamata wa ku Machinga akusomeka tchaja, pasanapite nthawi kuli mdima. Nkhani inakhazikika: tchaja chake n'chachinyengo, chimashota. A landilodi anamuuza kuti mwezi ukatha aone msana wa njira.

Iye sanayankhe kalikonse. Munthu wopanda mapepala, wodalira maganyu, sakweza mawu pamaso pa mwini nyumba. Anangoyamba kukatchajitsa foni ku shopu ya pakona, kulipira, n'kubwera kudzagona mumdima womwewo.

## Tione kaye waya

A landilodi anali ndi mankhwala awoawo. Anakagula breka ya ma amp 40 ku hadiweya kuti ilowe m'malo mwa yomwe ankati ndi yofookayo. Woika ndiye anasowa, mpaka bambo a ku Ntcheu aja anati kutchalitchi kwawo kuli mkulu wina wa zamagetsi. Tonse timangowatchula kuti amalume. Kwawo ndi ku Nkhotakota, ntchitoyi anaiphunzirira ku fakitale ya shuga ku Dwangwa, ndipo ku Joni kuno anafika enafe tili ku pulayimale.

Anabwera Loweruka masana, nthawi yomwe ndandanda wa load shedding unkasonyeza kuti magetsi akhalapo. Breka yatsopano ija anailandira, anaiyang'ana uku ndi uku, n'kuiika pa zenera.

"Tione kaye waya."

Waya wakeyo tinkamuona tsiku ndi tsiku, ena ankayanikapo ngakhale masokosi. Woyera, wofewa, wa mtundu wa ekisitenshoni. Ankatulukira pa kabowo pamwamba pa zenera la khitchini, kuyenda pa mpanda, kulowa pansi pa malata a chipinda changa, n'kumagawikira zipinda zinazo. Amalume anavala magalasi n'kuwerenga timalemba tosindikizidwa pa chikopa chake: 1 mm². Anapukusa mutu pang'ono. Kenako anayenda motsatira mpanda akuwerenga mapazi, n'kunena kuti ndi mamita 20.

"Mphwanga, m'chipinda mwakomo muli chiyani chotentha?"

"Hita ndi ketulo, amalume."

"Itembenuze ketuloyo undiwerengere za pansipo."

Panalembedwa 230 V, 2000 W. Hita nayonso 2000 W. Anandiuza kuti ndidzaze madzi, ndiyatse zonse ziwiri, ndipo ena onse azimitse chilichonse kwa mphindi zisanu. M'chikwama anatulutsa mita ya klampu, ija imatsegula pakamwa n'kuzungulira waya popanda kumudula. Kubokosi anaikoleka pa waya mmodzi yekha wotuluka pa breka yathu, poti mukakoleka wopita ndi wobwerera pamodzi mita imawerenga ziro. Inasonyeza ma amp 16. Pomwepo anayeza ma volt, omwe amasonyeza mphamvu yokankha magetsiwo: 229. Anabwera kuchipinda kwanga, ketulo ikulira, anayeza pa soketi: 213.

Anang'amba chivundikiro cha katoni, anachotsa pensulo kukhutu, anakhala pa ndowa yovundikira. Tonse tinawazungulira, ngakhale a landilodi, manja ali m'chiuno.

"M'nyumba mwatuluka 229. Kwa uyu kwafika 213. Ma volt 16 atsala panjira. Mwaona? Tsopano otsala panjirawo tiwagawe ndi ma amp omwe akudutsa. 16 kugawa ndi 16, yankho 1. Njira yanuyi ili ndi ohm imodzi, muyezo wa mmene ikukanizira magetsi. Kenako ma volt omwewo tiwachulukitse ndi ma amp. 16 kuchulukitsa ndi 16 ndi 256." Anazunguliza nambalayo. "Ma watt 256. Mama, muli ndi hita ina yomwe simunagule. Ili pa mpanda apo, ikufunditsa mpheta, mayunitsi ake mukulipira ndinu."

Anyamata a ku Tete anaseka. Amalume sanaseke nawo, anali akulembabe.

"Koma sizikukwana."

Kopa wa mkati mwa waya, iwo anati, ali ndi muyezo wake wosasintha. Waya wa 1 mm² amakhala ndi ma ohm pafupifupi 0.0175 pa mita imodzi ya kutalika kwake. Magetsi amapita n'kubwerera, ndiye mamita 20 a pa mpanda ndi mamita 40 a kopa. Zikupereka ma ohm 0.7. Ife tapeza 1.

"Nanga 0.3 yotsalayo ili kuti? Ili penapake, ndipo ili pamalo amodzi."

Anayamba kumutsatira wayayo ndi kuseri kwa dzanja, pang'onopang'ono, kuyambira pa zenera. Pa mpanda ponse anali wofunda, tsiku lozizira chonchija. Atafika pomwe amalowera pansi pa malata anga, anakwera pa ndowa ija, anapisa dzanja, n'kulibweza mwachangu.

"Kazimitseni ku bokosi."

Chomwe anasolola pamenepo chinali chimfundo cha tepi yakuda, yofewa, yonata, yonunkha pulasitiki wopserera. Atamasula, mkati munali mawaya opotedwa ndi zala, osamangidwa ndi chilichonse. Timawaya ta kopa tinali titada, tina titaduka. Chikopa chake chinali chitafiira, ukachigwira chimangoyoyoka. Thabwa la denga lomwe jointiyo inatsamira linali ndi chibanga chakuda chokwana chikhatho. Pansi pake penipeni ndi pomwe pali kumutu kwa bedi langa.

Amalume anatsika n'kuwonjezera mzere pa katoni: 16 × 16 × 0.3. Ma watt 77.

Nambala imeneyi siimveka yoopsa. Koma kumbukirani babu lakale lija la ma watt 60, lomwe kwathu anthu amapachika m'khola kuti anapiye asazizidwe. Likayaka kanthawi simungaligwire ndi dzanja. Ndiye tengani kutentha koposa pamenepo, mukuunjike pa kamalo kochepetsetsa, mukukulunge m'tepi, mukutsamiritse pa thabwa louma, madzulo aliwonse a June ndi July.

## "Iyi sindiika"

A landilodi anayang'ana thabwa lija, anati jointiyo ikonzedwe, zikomo kwambiri, koma breka ya 40 iikidwebe chifukwa atopa ndi kugogodedwa. Ankalankhula Chizulu, amalume n'kumawayankha m'Chizulu chomwecho, n'kumatembenukira kwa ife m'Chichewa.

"Mama, iyi sindiika."

"Ndakuitanani kuti mudzaike breka, osati kudzatsegula sukulu pakhomo panga."

"Simunandilipire, Mama, ndipo musandilipire. Koma mundimvere kaye."

Anawerenga ndi zala zinthu zotentha za kuseriko. Hita yanga, ketulo yanga, hita ya mwana, sitovu ya mapuleti awiri ya anyamata a ku Tete. Chilichonse ma watt 2000. Zonse zikayaka pamodzi, pa waya wathuyo pamadutsa ma amp pafupifupi 30. Breka ya 20 imapirira kanthawi n'kugwa. Ya 40 siingagwe n'komwe, ingangoonerera.

"Ma amp akakwera kawiri, kutentha sikukwera kawiri ayi. Kumakwera kanayi, chifukwa ma amp amachulukitsidwa ndi iwo eni." Analemba 30 × 30 × 0.3, ma watt 270 pa jointi ija yokha. Njira yonse, ma watt 900. "Ndikakonza jointi lero, wayayu akhalabe wa 1 mm². Ameneyu ndi wa ma amp 10. Breka ya 20 yomwe mukuitukwanayi yamukulira kale. Breka saiika kuti iteteze ketulo, kapena kuti anthu asagogode. Amaiika kuti waya asafike poyaka."

Anatola breka yatsopano ija pa zenera n'kuwabwezera ndi manja awiri.

Ndaonapo amisiri ambiri ku Joni kuno, akwathu ndi a mitundu ina, ndipo ndikudziwa mmene R300 imalankhulira mwezi ukafika pakati. Ambiri akanaika, n'kulandira yawo, n'kumapita. Sindiwaweruza kwambiri, njala ya kuno timaidziwa tonse. Koma mkulu uja samandichoka m'maso, jekete lake lakutha m'zigongono, ataima pakhomo pa eni dziko akukana ntchito, m'manja muli pensulo ndi katoni basi.

A landilodi anati apeza wina. Analowa m'nyumba, chitseko chinamveka. Patapita mphindi zingapo anatulukanso n'kufunsa kuti hita ya mpheta ija ikudya mayunitsi angati. Yuniti imodzi ndi ma watt 1000 kwa ola limodzi. Ma watt 256 kwa maola anayi ndi yuniti imodzi ndi kanyenyeswa. Tsiku ndi tsiku, pa mwezi ndi mayunitsi 30, ndipo apo n'kuti zoyaka zili ziwiri zokha. Mmene ndinaonera ine, thabwa lopserera lija silinawasunthe ngati mmene anawasunthira mayunitsi 30.

## Tchaja chija

Funso analifunsa ndi mayi a mwana aja, motsitsa mawu. Nanga tchaja?

Amalume anachiitanitsa, anachiyandikiza ku magalasi. Ma watt 10. Kugawa ndi 230, ma amp 0.04. "Ketulo imodzi ndi matchaja 200 onga ichi. Mnyamatayu ngakhale atafuna kugwetsa breka, alibe chogwetsera."

Nanga bwanji inkagwa iye akangosomeka? Mkati mwa breka muli kachitsulo kopangidwa ndi zitsulo ziwiri zosiyana zomatidwa pamodzi. Ma amp akapitirira muyezo kamatentha, kamapindika pang'onopang'ono mpaka kukankha switchi. Pakachitika shoti yeniyeni pali mbali ina ya maginito yomwe imadula pompopompo, koma pa kulemedwa wamba zimatenga mphindi, nthawi zina zambiri ndithu. Ndiye magetsi akangobwera pambuyo pa load shedding, aliyense ankathamangira chotentha chake, kachitsulo kaja n'kuyamba kufunda. Mnyamatayo, mwa ulemu wake wa mlendo, ankadikira kuti akuluakulu ayambe. Ankabwera pomaliza, breka itatsala pang'ono kugwa kale.

Msonkhano wopepesa sunachitike. Nkhani yosamuka inangozimirira, a landilodi sanaitchulenso. Madzulo ake mayi a ku Ntcheu anamutumizira nsima ya nkhuku, osanena chifukwa chake. Iye analandira, osafunsa.

## Chomwe chinandizunguza mutu

Masamu onse a pa katoni paja ndi mizere iwiri:

ma ohm = ma volt ÷ ma amp

ma watt = ma volt × ma amp

Woyambawo ndi lamulo la Georg Ohm, mphunzitsi wa ku Germany yemwe ankaphunzitsa ku Cologne, ndipo analisindikiza mu 1827. Ophunzira anzake a kwawo poyamba sanalilabadire, ulemu unadzabwera mu 1841 kuchokera ku Royal Society ya ku London. Mukaphatikiza mizere iwiriyi mumapeza wachitatu, womwe amalume anagwiritsa ntchito pa jointi: ma watt = ma amp × ma amp × ma ohm. Umenewu ndi wa James Joule wa ku England, yemwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1840 ankamiza waya wa magetsi m'madzi n'kumayeza mmene madziwo akutenthera. Ntchito yomwe ketulo yanu imagwira m'mawa uliwonse.

Ketuloyo tiiwerengere. Ma watt 2000 kugawa ndi 230 ndi ma amp 8.7. Ndipo 230 kugawa ndi 8.7 ndi ma ohm 26. Babu la ma watt 60 limakoka ma amp 0.26, ndiye lili ndi ma ohm pafupifupi 880. Choncho chodya magetsi kwambiri ndi chomwe chili ndi ma ohm ochepa. Ma ohm amayeza kukaniza, ndipo chokaniza pang'ono chimalola ma amp ambiri kudutsa.

Apa ndi pomwe ndinakodwa. Ngati ma ohm ochepa ndiye kutentha kwambiri, bwanji amalume ankati waya woonda ndi jointi yoipa zikutentha chifukwa zili ndi ma ohm ambiri? Zonse ziwiri zingakhale bwanji zoona?

Ndinawapeza tsiku lina pa siteji ya matekisi ndipo ndinawafunsa. Anaseka.

"Uzifunsa kaye kuti chomwe sichikusintha n'chiti."

Ketulo ili pakati pa mawaya awiri, wopita ndi wobwerera. Imalandira 230 yonse, ifune isafune. Pamenepo chokhazikika ndi ma volt, ndiye ma ohm akachepa ma amp amakwera, ma watt n'kukwera nawo. Jointi siili pakati pa mawaya awiriwo, ili panjira. Siisankha ma amp oti adutse, zimaisankhira ndi ketulo ndi hita zomwe zili kutsogolo kwake. Ma amp 16 aja ayenera kudutsa basi. Pamenepo chokhazikika ndi ma amp, ndiye ma ohm akakwera, kutentha kumakwera.

N'chifukwa chake jointi yomweyo ikhoza kukhala zaka osavuta m'chipinda cha munthu wa babu ndi wailesi, n'kudzapsa sabata yomwe walowa wa hita. Pa amp imodzi, 0.3 ija siikwanitsa ngakhale theka la watt. Pa ma amp 16 ikupereka 77. Ndipo ikayamba siibwerera m'mbuyo. Kutentha kumadetsa kopa, kopa wakuda amakaniza kwambiri, kukanizako n'kuwonjezera kutentha. Nthawi yonseyi breka ili phee, poti 16 sinafike pa 20. Kwa iyo zonse zili bwino.

Masamuwa amayenda ndendende pa zinthu zotentha: ketulo, hita, ayironi, sitovu, giza. Pa firiji ndi zina za mota, ma volt kuchulukitsa ndi ma amp kumapereka nambala yokwererapo kuposa ma watt enieni, komanso mota ikamadzuka imakoka ma amp ochuluka kwa kamphindi. Babu la waya lija nalo mukaliyeza lili lozizira mupeza ma ohm ochepa kutalitali ndi 880, chifukwa kawaya kake kamakaniza kwambiri kakatentha.

Thupi la munthu nalo lili m'lamulo lomweli. Khungu louma limakaniza ndithu, koma munthu wonyowa, wopanda nsapato pa simenti, akhoza kutsika kufika cha m'ma ohm 1000. Mukagawa 230 ndi 1000 mupeza ma amp 0.23. Kwa breka ya 20 chimenecho si kanthu, koma mtima chikhoza kuuimitsa. Yomwe imaona zoterezi ndi earth leakage, ija ili ndi batani loyesera, yomwe imadula pa ma amp 0.03. Amalume analidina batanilo asanachoke tsiku lija. Inagwa, iwo n'kugwedeza mutu.

## Mmene tinakhalirana

A landilodi anagula waya wa 2.5 mm², wolimba, woyenera panja. Amalume ankafuna wokulirapo, kuseri kukhale kabokosi kake ka mabreka, ndipo ntchito yonse aipime munthu wa chiphaso chopereka CoC, kalata yotsimikizira kuti mawaya aikidwa motsatira malamulo. Ndalama zinakana. Breka ya 20 inakhala pomwepo, pakuti 2.5 mm² ndi 20 ndi zomwe zimayendera limodzi pa masoketi a nyumba za kuno. Majointi analowa m'timabokosi, omangidwa ndi masikuluwu. Ma ohm a njira anatsika kuchoka pa 1 kufika pa 0.28. Pa ma amp 16 omwe aja, otsala panjira ndi ma volt 4.5, ma watt 72, omwazikana pa mamita 20 onse.

Koma waya watsopano sanawonjezere chakudya m'mbale. 230 kuchulukitsa ndi 20 ndi ma watt 4600, a zipinda zinayi. Zotentha ziwiri nthawi imodzi zimakwana, chachitatu chimatifikitsa pa ma amp 26. Tinagwirizana kuti hita ya mwana siizima. Malo otsalawo timasinthana. Wofuna kuwiritsa madzi amagogoda khoma, wa sitovu n'kuzimitsa kaye, poti lita imodzi pa ketulo ya 2000 imawira m'mphindi zitatu zokha.

Wina anganene kuti bwanji osangoletsa mahita. Wonena zimenezo sanagonepo pansi pa malata ku Joni mu July, pamtunda wa mamita oposa 1,700, m'mawa madzi a m'ndowa atagwira ayezi pamwamba. Mukaletsa hita, anthu amalowetsa mbaula ya makala m'chipinda chotseka, ndipo nyengo yozizira ikafika timamva za anthu ogona osadzukanso chifukwa cha mpweya wake. Bola hita yowerengeredwa ma amp ake.

Kasonkhedwe ka mayunitsi nakonso kanasintha. Kale aliyense ankapereka mofanana. Hita ya 2000 ikayaka maola asanu ndi mayunitsi 10. Tchaja cha ma watt 10 kwa maola atatu ndi 0.03. Mnyamata wa ku Machinga ankalipirira kufunda kwa anthu omwe ankamuthamangitsa. Tsopano timasonkha motengera zomwe zili m'chipinda, ndipo gawo langa ndi limodzi mwa omwe anakwera.

## Nsanja za ku Songo

Madzulo ena tikuothera kadzuwa pakhonde, mmodzi wa anyamata a ku Tete anati ena mwa magetsi omwe tikulimbiranawa ndi akwawo. Sankanama. Kuchokera ku Songo, pafupi ndi damu la Cahora Bassa pa mtsinje wa Zambezi, pali nthambo ziwiri zomwe zimayenda makilomita pafupifupi 1,400 kudzafika ku siteshoni ya Apollo, pakati pa Johannesburg ndi Pretoria. Zinamangidwa m'zaka za m'ma 1970. Imodzi ili pa ma volt 533,000 a plus, inayo 533,000 a minus, ndipo zinapangidwa kuti zinyamule ma megawatt 1,920.

Ndinatulutsa foni n'kugawa. Ma watt 1,920,000,000 kugawa ndi ma volt 1,066,000 ndi ma amp 1,800. Mphamvu yomweyo mutati muitumize pa 230 ya m'nyumba, pangafunike ma amp oposa 8 miliyoni, ndipo poti kutentha kumatsatira ma amp ochulukitsidwa ndi iwo eni, yonse ingathere panjira isanaone Limpopo. Amakweza ma volt kuti ma amp atsike. Mnyamatayo anamvetsera masamu onsewo, kenako anati kwa agogo ake amaunikirabe tochi ya mabatire.

## Katundu wopita kumudzi

Ku Songo amakweza ma volt, kumudzi kwathu ndiye timawatsitsa. Mng'ono wanga ku Balaka ali ndi sola, batire la ma volt 12 la 100 Ah, ndi inveta ya ma watt 1000 yomwe ndinamutumizira, yosandutsa ma volt 12 a batire kukhala 230 ya m'nyumba. Anaimba akudandaula kuti akayatsa ayironi inveta imalira n'kuzima, ndipo mawaya a pa batire amatentha moti sungawagwire.

"Achimwene, a ku Joni mumatigulira zotaya."

Ndinamufunsa kuti batire analumikiza ndi waya wanji. Anati wotsala pa masoketi a m'nyumba, wa 2.5, mamita awiri. Ayironi yake ndi ya ma watt 1000. Kumbali ya 230 amenewo ndi ma amp 4.3, waya wa 2.5 sangamve n'komwe. Koma kumbali ya batire, 1000 kugawa ndi 12 ndi ma amp 83, kuposerapo pang'ono poti inveta nayo imadyako. Mamita awiri kupita ndi kubwera ndi mamita anayi a kopa, ma ohm 0.028. Kanambala kooneka ngati kopanda ntchito. Kuchulukitsa ndi 83 ndi ma volt 2.3 otsala panjira, pa 12 yokha yomwe batire lili nayo. Inveta imaona ngati batire latha, n'kuzima. Ndipo 83 × 83 × 0.028 ndi ma watt pafupifupi 190 akuphika kawaya kameneko pansi pa tebulo.

Ndinamuuzanso za mapulagi. Zinthu zomwe timatumiza kuchokera kuno zimabwera ndi pulagi ya mano ozungulira, pomwe masoketi a kwathu ndi a mano amakona. Anthu amadula pulagi n'kusomeka mawaya osavala mu soketi, n'kutsinira ndi timitengo ta machesi. Imeneyo ndi jointi yoipa yopangidwa dala. Pulagi ya kwathu ili ndi fyuzi ya ma amp 13 mkati, yokwana ma watt 2990, ndipo ya mtengo wochepa m'magolosale a pa Balaka pomwepo.

Ndinagula mamita anayi a waya wa 25 mm², wonenepa, ndi fyuzi ya ma amp 100 yoika pafupi ndi batire. Pa waya ameneyu otsala panjira safika ngakhale kota ya volt. Ndinakulunga m'jumbo pamodzi ndi mafuta ophikira ndi nsapato za ana, n'kukapereka ku basi pa Park Station. Ndinamuchenjezeratu kuti batire lake ndi ma volt 12 kuchulukitsa ndi 100, yuniti imodzi ndi pang'ono, ndipo la asidi silifuna kukamidwa kupitirira theka.

Katundu atafika anatumiza voice note. Waya walandira, inveta yasiya kulira, mawaya akuzizira. Kungoti akasita zovala za kutchalitchi kwa theka la ola, madzulo TV kulibe, ndiye amafunsa kuti batire lachiwiri likwera basi ya liti.